Kalata yotseguka kwa Phungu wa dera lathu: kodi mtima wanu umamva chiyani?

Olemekezeka,

Landirani moni. Ndine namwino wopuma pa ntchito, mmodzi mwa anthu amene anakuvoterani. Ndalemba poyera chifukwa zakumbali zakanika. Makalata anadzera kwa a khansala, a mfumu anakuimbirani foni, ife a komiti ya m'mudzi tinakhala pa benchi la ofesi yanu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo yankho lakhala limodzimodzi, lakuti bwana ali ku Lilongwe. Mundikhululukire ngati mawu anga awawe, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

M'mudzi muno muli mayi wina amene dzina lake ndilisunga. Usiku umene namondwe wa Freddy anatsitsa napolo m'phiri, mu Marichi 2023, iye anataya mwamuna ndi ana awiri. Mtembo wa bambo ndi wa mwana wamkulu inapezeka m'matope patapita masiku. Wamng'onoyo sanapezeke mpaka lero, ndipo achibale anaika thunthu la nthochi m'manda kuti mwambo wa maliro uthe. Mayiyu anali pa msasa wa pa sukulu tsiku limene munafika ndi mdipiti wa galimoto. Anyamata anu anasankha iyeyo chifukwa nkhani yake inali itamveka. Anamuimika kutsogolo, inu nkumupatsa thumba la ufa. Wojambula atati chithunzi sichinatuluke bwino, anamulanda thumba lija m'manja kuti mumupatsenso kachiwiri, uku akumuuza kuti adzutse nkhope. Ndinali pomwepo, ndikutsuka zilonda za ana. Simunamufunse dzina. Simunafunse za mwana wosowayo. Atayamba kulira, maso anu anali pa foni. Madzulo omwewo chithunzi chinali pa Facebook, ndi mawu oyamikira mtima wanu wabwino.

Msasa unatsekedwa kuti ana abwerere m'kalasi, ndipo zimenezo zinali zoyenera. Koma malo okwera amene munalonjeza tsiku lija sanaoneke. Mayiyu anamanganso kachisakasa pamalo pomwe panadutsa napolo, poti alibe kwina. Mvula ikangoyamba kugunda denga usiku amadzambatuka, nkuthamangira kutchalitchi wopanda nsapato, akuitana dzina la mwana uja. Amayi anzake ndi amene amakamubweza kukacha. Ndagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu ovulala mumtima, ndipo ndikudziwa chimene ndikuona. Mlangizi wa za maganizo ndi mmodzi yemwe sanafikepo kuno.

Muyenera kudziwa zimene anthu akunena za inu. Achinyamata pa WhatsApp akuti muli ndi matenda a maganizo, aja madokotala amawatcha antisocial personality disorder. Ena abwera kudzandifunsa ngati zili zoona, ndipo ndawauza kuti sindinganene. Vutoli lilipodi. Munthu wake amaponda ufulu wa anzake mosalabadira, amanama mobwerezabwereza kuti apeze chimene akufuna, salemekeza pangano, ndipo akapweteka wina samva kutsutsika mumtima. Nthawi zambiri amakhala wokoma pakamwa, moti anthu amamukhulupirira msanga. Koma dokotala satchula vutoli asanakhale pansi ndi munthuyo, asanafufuze mbiri yake kuyambira asanakwane zaka 15. Ku America bungwe la madokotala a maganizo linaika lamulo mu 1973 loletsa mamembala ake kutchula matenda a munthu wodziwika amene sanamupime. Lamulo limenelo ndimalilemekeza. Komanso zimandipweteka anthu akamafanizira nkhanza ndi misala. Odwala ambiri amene amapita ku chipatala cha maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi anthu ofatsa, ovutika, amene sanabepo tambala ya munthu.

Chimene ndimaopa n'china. Munthu sachita kubadwa wouma mtima kuti afike pamene mwafikapo. David Owen, dokotala amene anakhalapo nduna yoona za kunja ku Britain, analemba za mmene mpando umasinthira munthu akaukhalitsa: amayamba kunyoza malangizo, kudziona wosalakwa, ndi kutalikirana ndi moyo weniweni wa anthu. Ndimakukumbukirani musanapite ku Nyumba ya Malamulo. Munkafika pa maliro usiku, nkugona pa siwa ndi anzanu. Munthu ameneyo ankamva chisoni. Masiku ano mumatumiza bokosi ndi mnyamata wodzawerenga uthenga wanu kumanda. Magalasi akuda a galimoto, alonda, ndi anthu okuombera m'manja pa chilichonse akutsekani makutu pang'onopang'ono.

Ndipo simuli nokha, n'chifukwa chake kalata ino ndaiika poyera. Njala ya 2002 inatipeza chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Mu 2013 kunali Cashgate, ndalama pafupifupi K24 biliyoni zitasowa pa miyezi yochepa, zipatala zilibe mankhwala. Pa K6.2 biliyoni ya Covid-19, kafukufuku wa mu 2021 anapeza zina zitasakazidwa, kuphatikizapo m'maalawansi, anthu akufa posowa mpweya. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700. Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 kuyambira ku Chilobwe mpaka ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Maboma asintha, zipani zasintha. Pa zonsezi ndi atsogoleri angati amene anaimirira okha nkunena kuti ndalakwa, ndikutula pansi udindo?

Malonjezo anu ndimawakumbukira bwino. Madzi a namondwe wa Idai atasefukira mu 2019, chaka cha chisankho, munaima pa bwalo la mpira nkunena kuti palibe banja lidzagonenso m'njira ya madzi. Munatchula mlatho, munatchula mitengo yodzala m'phiri, munatchula chipatala chaching'ono. Namondwe wa Ana anabwera mu 2022, mlatho kulibe. Freddy anabwera, ndipo anapeza phiri lili mbee. Simunganene kuti napolo anatidzidzimutsa, pakuti wa ku Phalombe mu 1991 anapha anthu mazanamazana, ndipo lamulo loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera chaka chomwecho. Latsopano munalivomereza aphungu mu 2023. Mapepala alipo okwanira, Olemekezeka.

Ndafika pozindikira kuti moyo wa mayi uja suyenera kudalira ngati phungu wake ali ndi chifundo kapena ayi. Mtima wa munthu sitingaupime pa tsiku lovota. Wonyenga amalankhula bwino kuposa woona, ndipo wabwino amatha kuuma ali pa mpando. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko lino mu 1994 ankadziwa zimenezi. Gawo 12 limati mphamvu za ulamuliro zimachokera kwa anthu ndipo wozigwira amangosungitsidwa. Gawo 64 linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwire ntchito n'kamodzi komwe. Kuchokera pamenepo phungu wosamva amakhala zaka zisanu popanda womugwedeza.

Tsono ndikupempha izi. Bwerani kuno mvula isanayambe, opanda ojambula, mudzakhale pa mphasa ndi mabanja amene akugonabe m'njira ya napolo, ndipo mudzamve nkhani ya mayi uja kuchokera pakamwa pake mpaka amalize. Pitani ku khonsolo ndi ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mukatibweretsere tsiku lenileni ndi malo enieni osamukirako, zolembedwa. Tiuzeni poyera mmene ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera lino zayendera kuyambira 2023, kwacha ndi kwacha. Kakamizani ofesi ya zaumoyo kuti itumize mlangizi wa za maganizo, chifukwa ofunika thandizo ndi ambiri, kuphatikizapo ana a sukulu. Ndipo aphungu akadzakumananso, imirirani nokha mupemphe kuti gawo 64 libwerere, ngakhale mukudziwa kuti woyamba kuliyesa mungakhale inuyo.

Komiti ya m'mudzi imakumana Loweruka lililonse m'mawa kwa a mfumu. Yankho lanu tidzaliwerenga pamenepo pamaso pa anthu onse, ndipo likapanda kufika tidzawauzanso.

Ine wanu,
Namwino wopuma pa ntchito, mmodzi mwa okuvoterani