Penti wongopaka pamwamba pa vanishi sakhalitsa

Akonzi,

Ndine mmisiri wopenta nyumba wa ku Chinamwali mumzinda wa Zomba. Ntchitoyi ndinaiyamba mu 1998 ndikunyamulira malume anga zitini. Ndiloleni ndidandauleko za mmene tikuonongera mafelemu a zitseko ndi mawindo, komanso matabwa a m'munsi mwa khoma aja timati sikatingi.

Masiku ano eni nyumba za lendi akuti vanishi wa bulauni ndi wachikale, akufuna mafelemu oyera. Nyumba ndi zawo, sindingawaletse. Chondiwawa n'chakuti akufuna pentiyo apakidwe tsiku limodzi, osakwecha thabwa, osapaka pulayima, penti woyambirira uja amene amathandiza kuti penti weniweni agwire.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha bambo wina anandiitana ku nyumba yake. Nditawerengera sandipepa, thina wosungunulira penti, pulayima ndi masiku asanu a ntchito, anati, "Amisiri, mukufuna kundidyera. Penti ndagula kale, ingopakani." Ndinakana. Anapeza mnyamata amene anamaliza madzulo a tsiku lomwelo. Mvula isanathe anandiitananso. Penti ankasendeka ndi chikhadabo ngati khoko la nthochi, ndipo pamene anagwirako panali madontho achikasu ndi ofiirira. Bamboyo ankati anamugulitsa penti wachinyengo. Pentiyo analibe mlandu.

Vanishi ndi woterera ngati galasi, penti alibe pogwira. Pansi pake pali utoto umene kalipentala anadetsera thabwa, komanso madzi a mtengo weniweniwo. Amene anatemapo mlombwa akudziwa kuti umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Penti wa madzi amanyowetsa mtundu umenewo n'kuukokera kunja, ndipo ngakhale mubwereze kasanu udzaonekerabe. Paini wa ku Chikangawa naye ali ndi vuto lake: pa mfundo pamatuluka utomoni kukatentha.

Pa sikatingi ndiye pamavuta zedi. Amayi akamapaka polishi wofiira pansi, nsanza imakhudza thabwalo sabata ndi sabata kwa zaka zambiri. Phula limenelo silioneka, koma palibe penti amene angamatirepo. Ambiri amathamangira sandipepa, osadziwa kuti akungolowetsa phulalo m'kati. Ine ndimayamba kupukuta ndi thina, kusinthasintha nsanza mpaka ituluke yoyera, kenako kutsuka ndi madzi a sopo n'kusiya kuti paume.

Ndikatero ndimakwecha ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 120 motsata mizere ya thabwa. Sikuti vanishi yense achoke ayi, bola kunyezimira kuthe. Pokhapo pamene wang'aluka kapena kufufuma m'pamene ndimapala mpaka thabwa lioneke. Fumbi lake ndi loipa, mangani kansalu kumphuno ndipo ana atuluke. Fumbi likapukutidwa ndimapaka pulayima wa mafuta, wa matabwa, n'kubwereza pa mfundo zonse. Agone usiku wonse, ndipo nyengo ya mvula kuno kunsi kwa phiri ndimadikira masiku awiri. M'mawa mwake ndimakanda ndi chikhadabo kuseri kwa chitseko. Akapanda kuchoka, ndimatseka mabowo a misomali ndi pate, kusalaza ndi sandipepa wosalala wa nambala 220, kenako andakoti (penti wa pansi), ndi penti wonyezimira kawiri mopyapyala.

Koma ndisabise, pali mafelemu ena amene ndimapaka mtima ukundipweteka. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo m'nyumba zina zakale muli mlombwa ndi mbawa zokhwima zimene lero simungazipeze wamba kwa ogulitsa matabwa. Zoterozo ndimayamba ndachonderera mwini wake kuti tingozikwecha n'kupaka vanishi watsopano. Ena amamva, ena ayi. Penti akalowa m'mizere ya mbawa, kumuchotsa ndi ntchito ya masabata.

Pempho langa lipite kwa ogulitsa m'mahadiweya. Munthu akabwera kudzagula penti woyera wa mafelemu, mufunseni kuti akukapaka pa chiyani. Akati pali vanishi, muonetseni pulayima ndi sandipepa asanalipire. Bambo uja anagula penti kawiri, ndipo ine ndinatha masiku atatu ndikungopala zimene mnyamata uja anapaka.

Mmisiri wopenta,
Chinamwali, Zomba