Musatikakamize kuyala matailosi pansi pasanaume

Akonzi,

Ndine mmisiri woyala matailosi kuno ku Mzuzu, ndipo ndili ndi dandaulo kwa mabwana amene akumanga nyumba ku Luwinga, Chibavi, Mchengautuba ndi madera ena. Mukangoona simenti ya pansi yachita mbuu, mumatiimbira foni kuti tibwere mawa lomwe, ati anthu a lendi akulowa pa 1. Pamwamba pamauma msanga, koma m'kati madzi amakhala akadali tho.

Ambiri mumagwira mawu akuti masiku 28. Masiku amenewo ndi oti konkire ilimbe, osati iume. Simenti yosalazira pansi ija, imene timati screed, imauma pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndipo apo ndiye kuti nyengo ili bwino. Ikakhala yochindikala mamilimita 50, werengani miyezi pafupifupi iwiri. Tsono kuno si ku Karonga kapena ku Nsanje. Mvula yathu imakoka mpaka Epulo, nthawi zina Meyi, kenako Juni ndi Julaye kuzizira ndi nkhungu m'mawa. Pamwamba pa izo mwatseka mawindo onse kuopa akuba, mpweya sukuyenda. Madziwo atulukire kuti?

Matailosi owumba aja amapirirako, ngakhale simenti ikamauma imakhwinyata n'kuwang'amba, ndipo m'mizere mumatuluka zoyera ngati mchere. Zovuta zenizeni zili pa matailosi a pulasitiki, kapeti ndi matabwa. Guluu amasungunuka, tailosi n'kuyamba kutukuka m'makona. Thabwa limamwa chinyontho n'kupindika. Ndinaitanidwapo kukakonza nyumba ina imene kapeti anali atachita chuku, fungo lake ngakhale zovala za m'sutikesi zinalitenga. Mwini nyumba ankatukwana amene anayala, chonsecho anamufulumizitsa ndi iye yemwe.

Kuyeza sikufuna ndalama zambiri. Dulani pepala la pulasitiki, theka la mita mbali zonse, muliyale pansi n'kumata m'mbali monse ndi selotepu kuti mpweya usalowe. Chitani zimenezi m'chipinda chilichonse, makamaka m'makona mosafika dzuwa. Pakatha tsiku lathunthu, matulani. Mukapeza timadontho kunsi kwa pepala, kapena simenti yada poyerekeza ndi pambali, pansipo sipanaume. Koma ndinene chilungamo: pepala likatuluka louma sikuti nkhani yatha, chifukwa kukazizira kwambiri limatha kunamiza. Amene mukufuna kuyala matabwa okwera mtengo, funani kontilakitala amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyontho. Pa matailosi a pulasitiki kasapitirire 75 peresenti, ndipo matabwa amafuna pouma kuposa apo.

Pali chinanso chimene amisiri anzanga amabisa. Ngati pothira konkire simunayale pulasitiki yakuda ija pansi pake, makamaka inu amene mapoloti anu ali kufupi ndi dambo, kudikira sikuthandiza. Madzi azingokwera kuchokera m'nthaka chaka ndi chaka. Ena amaidumpha dala kuti ndalama yake ilowe m'thumba, choncho tsiku lothira konkire mukhalepo nokha muone ndi maso anu.

Pempho langa ndi lakuti popangana mtengo tizipanganiranatu za masiku odikira. Masana tsekulani mawindo ndi zitseko, ndipo matumba a simenti ndi matabwa musaunjike pamalo pamene mukufuna paume. Ine ndikamatula pepala n'kupeza madontho, ndimalongedza zida zanga, ngakhale bwana akwiye.

Mmisiri wa matailosi,
Luwinga, Mzuzu