Kalata kwa mwana wanga wofufuza za mbewu

Mwana wanga,

Ife kuno ku Mangochi tadzuka bwino, kaya iwe kumeneko.

Azakhali ako amva zoti wayamba ntchito yowalitsa mbewu ndi cheza cha gamma, mphamvu yosaoneka ndi maso yonga X-ray ya kuchipatala, pofuna kupeza mitundu yatsopano ya mbewu, ndipo ali ndi nkhawa kuti uzidzatidyetsa poizoni. Usawakwiyire. Munthu amaopa chimene sanachione, ndiye ukabwera ukhale nawo pansi uwafotokozere mofatsa.

Uwauze kuti cheza chochokera ku chitsulo chotchedwa cobalt-60 chimangodutsa m'njere, sichikhalamo, ndipo palibe chachilendo chimene chimaikidwamo. Podutsapo chimadula DNA, ulusi wa mbali ziwiri umene umasunga chibadwa cha mbewu. Nthawi zina chimaudula chokha, nthawi zina chimaphwanya madzi a m'selo (kachipinda kakang'onong'ono ka m'thupi la chamoyo momwe mumakhala DNA), tizidutswa take taukali n'kukawononga ulusiwo. Selo limayesetsa kukonza. Koma mbali zonse ziwiri za ulusi zikaduka, limalumikiza ngati msodzi wosoka ukonde mumdima: pena pasowa kachidutswa, pena palumikizika mopotoka. Mbewu yomera pamenepo imasiyana ndi kholo lake, ndipo kusinthako kukafika mpaka ku njere zake, ana ake amatengera.

Si zatsopano ayi. Wasayansi wa ku America Lewis Stadler anaonetsa zimenezi ndi X-ray pa balere ndi chimanga mu 1928. FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndi IAEA, bungwe la padziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya, akhala akugwirira limodzi ntchitoyi kuyambira 1964, ndipo mitundu ya mbewu yoposa 3,000 yatuluka m'njira imeneyi, kuphatikizapo khobwe wopirira chilala wa ku Zambia ndi ku Namibia.

Chimene ndakulemberatu ndi ichi: cheza sichisankha pomenya. Zosintha zambiri n'zoipa. Udzaona timbande toyera mbee topanda msipu, tina topinimbira, tina tosabereka. Ukachulutsa mlingo njere zimafa, ukachepetsa sipasintha kanthu kooneka. Ndipo zosintha zambiri zimabisala m'mbadwo woyamba, zimaonekera wachiwiri. Ntchito yeniyeni ili m'munda, kuyenda mzere ndi mzere pakati pa mbewu zikwizikwi kufunafuna imodzi yocha msanga kapena yosafota dzuwa likaswa mtengo. Zimatenga zaka. Usathamangire kulengeza, ngakhale akuluakulu akukakamize. Mlimi wa ku Makanjira akabzala mbewu yosayesedwa bwino, amene agone ndi njala ndi ana ake, osati iwe. Uyiyese m'dothi lamchenga lakunyanja kuno, m'kutentha kwathu, komanso kumtunda kozizirirapo ngati ku Namwera. Upatsenso amayi aphike alawe, chifukwa khobwe wosapsa msanga amatha nkhuni ndipo sangamubzalenso.

Za thupi lako usachite nazo chibwana. Cheza chodula DNA ya njere chimadulanso yako, ndipo sichimveka kuwawa polowa. Kabaji koyezera cheza uzikavala tsiku lililonse, ndipo usalowe m'chipinda chowalitsira makina asanatsekedwe, ngakhale ntchito ichedwe.

Amayi ako akupereka moni. Akuti uwauze tsiku limene ubwere.

Ndine bambo ako.