Mliri ukabuka tisamathamangire mabotolo a mavitamini

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani imene inadzaza nyuzipepala, mawailesi ndi mafoni pa nthawi ya Covid-19, ndipo mpaka lero sinazilale: nkhani ya mapiritsi, ufa ndi zakumwa zoti zimakweza chitetezo cha m'thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti matendawa ndi mliri, ndipo pa 5 Meyi 2023 linati ngozi yaikulu yadutsa. M'zaka zitatu zimenezo akatswiri anayesa zambiri mwa zinthu zimene anthu ankameza, ndipo zotsatira zake zilipo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti zotsatirazo sizinafike kwa anthu ndi mphamvu imene zotsatsa malonda zinafika nayo. Mliri wina ukadzabuka, amalonda adzatulutsa mabotolo omwewo, mwina atangosintha chizindikiro.

Sindikunyoza aliyense amene anagula. Mu 2020 kunalibe katemera mpaka chakumapeto kwa chaka, kumayambiriro mankhwala odalirika kunalibenso, ndipo maliro ankalengezedwa tsiku ndi tsiku. Munthu wamantha safuna kungokhala manja lende. Piritsi limamupatsa chochita, amameza n'kumva kuti wadziteteza. Koma kumva kuti watetezeka ndi kutetezeka kwenikweni n'zosiyana, ndipo kusiyanako kumawononga ndalama, nthawi zina moyo.

Tiyambe ndi vitamini C, amene ankagulidwa kwambiri. Chikhulupiriro choti iyeyu amathamangitsa chimfine chinafala kwambiri cha m'ma 1970, atachilimbikitsa Linus Pauling, katswiri wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel kawiri. Anthu anamumvera chifukwa cha kutchuka kwake, koma kafukufuku sanamuvomereze. Gulu la akatswiri ounika kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri mu 2013, linapeza kuti kwa anthu wamba kumwa vitamini C tsiku lililonse sikuchepetsa mwayi wogwidwa ndi chimfine, kumangofupikitsako masiku odwala pang'ono, pafupifupi ndi 8 peresenti kwa akuluakulu. Pa Covid-19, madokotala a pa chipatala cha Cleveland Clinic ku America anayesa odwala 214. Ena anawapatsa mamiligalamu 8,000 a vitamini C patsiku, ena zinki, ena zonse ziwiri, ena sanawapatse chilichonse mwa izi. Zotsatira zinatuluka mu Febuluwale 2021: masiku ochirira sanasiyane kwenikweni, moti kafukufukuyo anamuimitsa msanga poona kuti kupitiriza n'kutaya nthawi. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 75 mpaka 90 okha patsiku, ndipo lalanje limodzi limakhala ndi pafupifupi 70. Thupi likakhuta vitamini ameneyu limakhala ngati mtsuko wodzaza, zonse zimene ukuthiramo zimangotayikira pansi. Wotsalayo amatuluka ndi mkodzo. Ukapyola mamiligalamu 2,000 patsiku m'mimba mumayamba kutsegula, ndipo kwa ena mu impso mumapangika timiyala.

Nkhani ya vitamini D ndiyo inapusitsa ngakhale anthu ophunzira, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa msampha wake udzatcheredwanso. Kumayambiriro kwa mliri zipatala zinaona kuti ambiri mwa odwala kwambiri anali ndi vitamini D wochepa m'magazi. Anthu anati basi, tapeza gwero. Koma taganizirani amene amakhala ndi vitamini D wochepa: okalamba, onenepa kwambiri, odwaladwala amene satuluka panja kukaothera dzuwa. Amenewa ndi omwewo amene Covid-19 inkawagwetsa pa zifukwa zina. Zinthu ziwiri zikamapezeka pamodzi sindiye kuti china chikubala chinzake. Njira yokhayo yodziwira inali kupatsa ena vitaminiyo, ena osawapatsa, n'kuyerekeza. Ku Brazil anachita zimenezo ndi odwala 240 ogonekedwa m'chipatala, theka lawo analandira mayunitsi 200,000 kamodzi, ndipo masiku okhala m'chipatala sanachepe. Ku Britain kafukufuku wa anthu pafupifupi 6,200, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, sanapezenso kuti vitamini D amateteza munthu kugwidwa ndi matendawa. Ndipo uyu sali ngati vitamini C wotuluka ndi mkodzo. Amasungika m'mafuta a m'thupi, akachuluka amakweza kashiamu m'magazi, munthu n'kuyamba kusanza, kumva ludzu losatha, kufooka, mapeto ake impso kuwonongeka.

Zinki nayenso ali ndi malire ake, mamiligalamu 40 patsiku kwa munthu wamkulu. Ukamapyola pamenepo kwa nthawi yaitali thupi limalephera kuyamwa kopa, mchere wina wofunika m'thupi, magazi n'kuchepa, mitsempha n'kuyamba kuchita dzanzi. Koma choopsa chimene sindinamvepo wotsatsa malonda aliyense akuchitchula ndi ichi. Taonani munthu amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir. Wadzuka m'mawa asanadye kanthu, watenga piritsi lake la masiku onse, waonjezapo la zinki, la ayironi ndi la kashiamu amene wachibale wamugulira mwachikondi, n'kumeza onse pamodzi ndi madzi. M'mimbamo mchere wa m'mapiritsi owonjezerawo umagwirana ndi dolutegravir, ndipo mankhwala amene amalowa m'magazi amachepa. Iye akudziona ngati wadzilimbitsa, pamene wafooketsa mankhwala amene akumusunga. Malangizo ake amati dolutegravir amwedwe maola awiri usanamwe zoterezi kapena maola asanu ndi limodzi utamwa. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa ngati chothandiza nkhawa, chimafooketsa ma ARV ena komanso mapiritsi olera. Mawu oti "n'zachilengedwe" pabotolo satanthauza kuti chinthucho sichingakangane ndi mankhwala a kuchipatala.

Wina asandimve molakwika, ngati ndikunena kuti mavitamini a m'mabotolo ndi achabechabe. Pamene thupi likusowadi chinthu, kulipatsa chinthucho kumapulumutsa moyo. Mwana wodwala chikuku amapatsidwa vitamini A kawiri, masiku awiri otsatizana, ndipo zimenezi zimachepetsa imfa ndi khungu. Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa zinki kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi madzi a mchere ndi shuga. Mayi woyembekezera amalandira ayironi ndi folic acid. Munthu amene samadya nyama, mazira ndi mkaka n'komwe amafunika vitamini B12. Zonsezi zili ndi umboni, mlingo wake ndi wodziwika, ndipo amapereka ndi azaumoyo kwa munthu amene akuzifunadi. Zikachoka m'manja mwa azaumoyo zimasanduka zina. Mu 2025, chikuku chitabuka ku Texas, ku America, madokotala ananena za ana osabayitsa katemera amene anafika kuchipatala chiwindi chikuonetsa zizindikiro zovulala chifukwa chopatsidwa vitamini A wambiri kunyumba. Makolo anamva mbali imodzi ya uthenga, yoti vitamini A amathandiza pa chikuku, osamva mbali inayo, yoti salowa m'malo mwa katemera.

Lonjezo loti chinthu chimakweza chitetezo nalonso n'lokayikitsa palokha. Ambiri amene anamwalira ndi Covid-19 m'zipinda za odwala mwakayakaya sanafe chifukwa chitetezo chawo chinagona. Chinadzuka mopyola muyeso n'kuyamba kuwononga mapapo a mwini wake. N'chifukwa chake mankhwala oyamba kutsimikizika kuti amachepetsa imfa, amene akatswiri a ku Oxford analengeza mu Juni 2020, anali dexamethasone, mankhwala akale otsika mtengo amene ntchito yake ndi kuziziritsa chitetezo. Mwa odwala amene ankapumira makina, imfa zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Thupi limafuna chitetezo chogwira ntchito mwadongosolo, chodziwa poyambira ndi polekezera, ndipo katemera ndiye amachiphunzitsa mdani woti chimenyane naye.

Mphekesera zina zinapha anthu poyera. Ku Iran kunamveka kuti mowa umapha kachilombo, ndipo anthu oposa 700 anafa pakati pa Febuluwale ndi Epulo 2020 atamwa mowa wokhala ndi poizoni wotchedwa methanol, ena anachita khungu. Madokotala a ana ku Birmingham, ku Britain, anadandaula za kuchuluka kwa ana opsa ndi madzi owira pofukiza nthunzi. Palinso imfa zosawerengeka za anthu amene anakhala kunyumba akudalira zakumwa zotentha mpweya ukuchepa m'magazi, n'kukafika kuchipatala mochedwa. Chakumwa chotentha chimafewetsa kukhosi, palibe akukana. Kachilombo kamene kali m'mapapo sikakumva kutenthako.

Zimene zinaoneka kuti zimasiyanitsadi anthu ndi zinthu zosakoma kutsatsa, chifukwa palibe amene angaziike m'botolo. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kunenepa kwambiri, matenda a mtima ndi a impso, kuphatikizapo ukalamba, ndizo zinkakankhira anthu kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Wodwala shuga amene anapitiriza kumwa mankhwala ake ndi kuyezetsa anachita chanzeru kuposa amene anasiya kupita kuchipatala poopa kachilombo n'kumagula mavitamini. Kafukufuku wa bungwe la zipatala la Kaiser Permanente ku California, wa anthu oposa 48,000 amene anadwala Covid-19, anapeza mu 2021 kuti amene sankachita masewero olimbitsa thupi n'komwe ankagonekedwa m'chipatala ndi kumwalira mochuluka kowirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi amene ankakwanitsa mphindi 150 pasabata. Pano ndiyenera kusamala, chifukwa msampha uja wa vitamini D uliponso: munthu wodwaladwala kale sathamanga. Komabe ubwino woyendayenda pa shuga, mtima ndi kuthamanga kwa magazi unatsimikizika kalekale, ndipo kuyenda mwandawala mphindi 30 patsiku masiku asanu pasabata sikulira ndalama ndipo sikuwononga impso.

Tulo nato timatipeputsa. Mu kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa mu 2015, anthu 164 anavomera kudonthezedwa kachilombo ka chimfine m'mphuno. Amene ankagona maola ochepera asanu ndi limodzi anadwala kowirikiza kanayi poyerekeza ndi amene ankagona oposa asanu ndi awiri. Pa nthawi ya mliri anthu ambiri ankachezera pafoni mpaka pakati pa usiku kuwerenga chiwerengero cha omwalira, botolo la mavitamini lili pambali pa bedi. Za fodya ndi mowa sindichulukitsa mawu, mapapo a wosuta amayamba nkhondo atatopa kale.

Pa chakudya malangizo sanasinthe chifukwa cha mliri. WHO imati magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, mchere wosafika magalamu 5, shuga wochepa, ndi zakudya zakasinthasintha zophatikizapo za m'gulu la nyemba, mazira, nsomba ndi mbewu zosakonola kwambiri. Chipatso chimabwera ndi zambiri zimene piritsi lilibe, ndipo n'kovuta kudzipweteka nacho. Koma apa ndi pamene malangizo amandiwawa kuwalemba. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2020 anthu pafupifupi 3 biliyoni sakanatha kugula chakudya chopatsa thanzi, ndipo sukulu zitatsekedwa mu Epulo chaka chimenecho ana pafupifupi 370 miliyoni anasiya kulandira chakudya cha kusukulu. Kwa ambiri mwa anawa chimenecho chinali chakudya chodalirika cha tsikulo. Kuperewera kwa chakudya ndiko kumafooketsa chitetezo cha anthu ambiri padziko kuposa china chilichonse. Choncho boma lililonse limene likutseka misika ndi sukulu liyenera kunena tsiku lomwelo mmene anthu adyere. Ndipo kholo limene latsala ndi ndalama zochepa, likuganiza ngati ligule botolo kapena chakudya cha ana, lisazengereze, ligule chakudya.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, likuchokera pa mfundo imene owerenga ambiri saidziwa. M'mayiko ambiri zowonjezera pa chakudya siziyesedwa ngati mankhwala zisanalowe pamsika. Ku America, kumene zambiri mwa izi zimapangidwa ndi kutsatsidwa, lamulo la 1994 limalola kampani kugulitsa popanda kuonetsa kaye bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA umboni woti chinthucho chimagwira ntchito. Wowerenga akaona chotsatsa m'nyuzipepala imene amaikhulupirira, amaganiza kuti wina anafufuza kale. Nthawi zambiri palibe anafufuza. Ndikudziwa kuti zotsatsa ndizo zimalipira antchito anu, ndipo sindikuti muzikane zonse. Koma wina akabwera ndi chinthu choti chimateteza ku mliri, kaya ndi kampani, kaya ndi mtsogoleri wa dziko ngati mmene Andry Rajoelina wa ku Madagascar anachitira ndi chakumwa cha Covid-Organics mu Epulo 2020, mtolankhani wanu amufunse kuti anayesa pa anthu angati, anayerekeza ndi ati amene sanamwe, zotsatira zinasindikizidwa kuti, ndipo munthu amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena woyembekezera angamwe bwinobwino. Akalephera kuyankha, mulembe momwemo kuti sanayankhe, ndipo chotsatsa chake chikhale ndi chizindikiro chooneka bwino choti ndi malonda, chisamafanane ndi nkhani ya zaumoyo.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa