Nyali ya UV sichotsa nitrate m'thanki la makorali

Akonzi,

Oweta nsomba za m'madzi amchere ndi makorali (tinyama ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) asamayese nyali ya UV (nyali ya kuwala kopha tizilombo m'madzi) mankhwala a chilichonse. Imangopha ndere ndi tizilombo toyandama m'madzi odutsa mkati mwake, zomata pa nsomba kapena pa miyala siizikhudza. Pampu ikathamangitsa madzi, tizilombo timadutsa tamoyo. Galasi lake lizipukutidwa, babu isinthidwe pakatha miyezi 12 ngakhale ikuwalabe.

Nitrate, yomwe imachokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala, nyaliyi siichotsa n'komwe. Nitrateyo imatsika mukachepetsa chakudya, kuika skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu), ndi kusintha 10 peresenti ya madzi sabata iliyonse. Makina ochotsa nitrate ngothandiza m'thanki lodzaza nsomba, koma akaifikitsa pa ziro makorali amayezuka ndi njala. Pakati pa 2 ndi 10 ppm (mamiligalamu a nitrate pa lita imodzi ya madzi) mpabwino.

Woweta nsomba