Drone isamapirikitse nyama zomwe akuti akuziteteza

Akonzi,

Kanema amene munaika patsamba lanu sabata yatha wandipweteka mtima. Ndikunena uja wa bungwe lina losamalira nyama zakutchire, lomwe likunyadira kuti tsopano likuwerenga njovu ndi drone (kandege kouluka popanda munthu mkati) komanso AI (nzeru zopanga za makompyuta). Inu munati ndi chitukuko. Ine ndinauonera katatu, ndipo chomwe ndinaona ndi njovu zikuthawa michira ili m'mwamba, fumbi koboo, kamwana kakupunthwa n'kugwa m'chigwembe, make akubwerera kukakadzutsa ndi chitamba, drone ili pamutu pawo penipeni. Wouluutsayo sanaikweze ngakhale pang'ono. Iye amangofuna chithunzi chokongola basi.

Kodi akatswiri amenewa sadziwa kuti njovu imaopa njuchi, ndipo drone ikamauluka imalira ngati gulu la njuchi zolusa? Ku Tanzania amaiulutsa dala pofuna kuingitsa njovu m'minda. Ndiye chida chopirikitsira nyama chingasanduke bwanji chowerengera nyama zili phee? Mu 2015, ofufuza a ku University of Minnesota anaika tizipangizo toyezera kugunda kwa mtima pa zimbalangondo, n'kupeza kuti drone ikamadutsa mtima umathamanga kwambiri, ngakhale nyamayo ikuoneka ngati ilibe nazo ntchito. Mu 2018 tinaoneranso kanema wa ku Russia wa kamwana ka chimbalangondo kakuterereka paphiri la chipale, ndipo asayansi anadzudzula kuti drone ndiyo inkaopseza make. Zonsezi n'zodziwika kale. Nanga njovu yothamangitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo, ili ndi mwana woyamwa, mphamvu zake adzaibwezera ndani?

Makina sindidana nawo ayi. Ku Serengeti anamangirira makamera 225 pamitengo ndi pazitsulo, ndipo kompyuta inaphunzitsidwa kuzindikira mitundu 48 ya nyama pa zithunzi zoposa 3 miliyoni. Palibe nyama inathyoka mwendo. Mbidzi iliyonse imadziwika ndi mizere yake kudzera pa chithunzi chabe, osaigwira, osaibaya jakisoni wogonetsa.

Chondiwawa china n'choti ndalama zikuthera pa zida zouluka zokopa opereka thandizo, pomwe woteteza nkhalango akuyenda usiku ndi nsapato zong'ambika. AI ikhoza kulozera malo amene opha nyama mozemba angatchereko, koma khwekhwe la waya limachotsedwa ndi manja a munthu. Munthuyo sitimuona m'makanema anuwa.

Akuluakulu oona za nyama zakutchire ndi a zamaulendo apandege akhazikitse msanga malire a kutalika komwe drone iyenera kuuluka pamwamba pa nyama, ndipo wophwanya alandidwe chiphaso. Inunso akonzi, kanema ujayu muchotseni, mukafunse bungwelo kuti kamwana kaja kali bwanji.

Wowerenga wokhudzidwa