Akuba a pa intaneti tiziwazulira chikwangwani

A Mkonzi,

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi intaneti ku Chinamwali, ndipo ambiri obwera pano ndi achinyamata ofunsira ntchito. Mwezi wathawu mtsikana wina anandionetsa linki yomwe analandira pa WhatsApp, ati bungwe lina lothandiza anthu likulemba makalaki. Tsambalo linali ndi chizindikiro cha bungwelo, mitundu yake, zonse bwinobwino. Nditayang'anitsitsa dzina lake ndinaona kuti pofunika chilembo cha "l" anaikapo nambala 1. Mwanayo n'kuti atatumiza kale K15,000 ya fomu, ndalama yomwe mayi ake anapeza pogulitsa zitumbuwa.

Ndalamayo inapita. Koma ndinajambula tsambalo pamodzi ndi uthenga wa pa WhatsApp uja n'kutumiza ku kampani yomwe inagulitsa akubawo dzina la tsambalo. Pofika tsiku lachinayi linki ija sinkatsekukanso. Njira imeneyi ndi yomwe ndikufuna anzanga aidziwe.

Dzina lililonse la webusayiti lili m'kaundula, ndipo kaundula aliyense ali ndi womusunga. Maina othera mu .com amasunga ndi Verisign ya ku America, a .org ndi Public Interest Registry, a .uk ndi Nominet, pomwe .mw wathu ali m'manja mwa Malawi SDNP ku Blantyre. Pansi pawo pali makampani ogulitsa mainawo, ngati maejenti. Onsewa sangalowe m'kompyuta ya wakuba n'kufufuta zomwe walemba. Chomwe angathe n'kuimitsa dzina. Zili ngati kuzula chikwangwani pamphambano: nyumba ya wakubayo ilipobe, koma womufunafuna akusochera.

Kuyambira pa 5 April 2024, bungwe la ICANN, loyang'anira maina a pa intaneti padziko lonse, likukakamiza osunga ndi ogulitsa maina monga .com ndi .org kuchitapo kanthu mwachangu akalandira umboni woti dzina likugwiritsidwa ntchito pobera anthu mapasiwedi kapena kufalitsa mavairasi. Ena mwa makampaniwa anagwirizana kale mu 2019 kuti pa zithunzi zogwiririra ana, malonda ozembetsa anthu ndi mauthenga omemeza chiwembu sadzadikira khoti. Pa nkhani ya ana amadalira kwambiri bungwe la ku Britain la Internet Watch Foundation, lomwe limafufuza zithunzi zoterezi pa intaneti.

Wina anena kuti wakuba angogula dzina lina. N'zoona, koma agule ndi ndalama zake, ayambirenso kufalitsa linki. Kumbukirani Freenom, yomwe inkagawa ulere maina a .tk, a tizilumba ta Tokelau komwe anthu sakwana n'komwe 2,000. Akuba anadzazana kumeneko ngati ntchentche pa mango owola. Meta, mwini wa Facebook ndi WhatsApp, itaisumira kampaniyo inasiya kugawa mainawo mu 2023, ndipo msika wa ulere uja unatha.

Mantha anga ali pena. Kuimitsa dzina ndi nkhwangwa, si lumo. Sikuchotsa tsamba limodzi loipa lokha, kumagwetsa webusayiti yonse pamodzi ndi ma imelo ake. Sukulu yomwe akuba aithyolera webusayiti n'kubisamo msampha wawo isalangidwe ngati wakubayo. Ndipo nyuzipepala ikalemba zokwiyitsa bwana wina, imeneyo ndi nkhani ya khoti, osati ya wosunga kaundula.

Malamulo a ICANN aja sakhudza maina a maiko, choncho za .mw tiyenera kudzikonzera tokha, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 tili nalo kale. Pempho langa kwa a MACRA ndi a SDNP n'lakuti alengeze pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, komwe munthu angakanene dzina lachinyengo, umboni womwe atenge, masiku omwe adikire yankho, komanso komwe mwini dzina angakadandaule ngati amutsekera molakwika. Ine ndidzasindikiza uthengawo ndi ndalama zanga n'kuumata pamwamba pa makina a fotokope, pomwe anawa amaima akamadikira makalata awo.

Mwini shopu ya intaneti,
Chinamwali, Zomba